Kutolera mabayoneti a nkhondo ziwiri zikuluzikulu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa anthu a magulu awiri. Pali amene ayamba kumene kutolera mabayoneti a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945, ndiye pali amene sakutolera kalikonse koma apeza imodzi m'sutikesi ya malemu agogo. Ngati m'manja mwanu muli kale sandipepala, muike kaye pansi, mupite ku funso lonena za dzimbiri.

Bayoneti n'chiyani, nanga imasiyana bwanji ndi mpeni wamba?

Ndi mpeni kapena chisonga chimene msilikali amalumikiza kukamwa kwa mfuti kuti mfutiyo isanduke mkondo adani akafika pafupi. Mungaizindikire poona mmene imagwirira kumfutiko. Pachitsulo chopingasa chimene chimalekanitsa mpeni ndi chogwirira pamakhala mphete yolowa kukamwa kwa mfuti. Kumapeto kwa chogwirira kuli kampata kolowamo kachitsulo ka pamfuti, ndipo pambali pake pali batani la sipuling'i lomasulira. Mabayoneti ambiri a Germany alibe mphete, amangodalira mpata wautali wa kuchogwirira. Ya Russia, ya mfuti ya Mosin-Nagant, ilibe chogwirira n'komwe: ndi kapaipi kovala kukamwa kwa mfuti, kokhala ndi chisonga chachitali cha ngodya zinayi.

Bayoneti iliyonse anaipangira mfuti yakeyake. Ya Lee-Enfield singalowe pa Mauser ngakhale muikakamize bwanji. N'chifukwa chake otolera amaitchula ndi dzina la mfuti yake kapena chaka chimene boma linavomereza kapangidwe kake.

Munthu wabwinobwino angamatolere bwanji zida zophera anthu?

Funsoli ndi loyenera, ndipo si onse amene amakhutira ndi yankho lake. Otolera ambiri chimene amatsata ndi zolembedwa pachitsulopo. Bayoneti ya boma inkadindidwa ndi fakitale, ndi woiyesa, nthawi zina ndi gulu la asilikali lomwe linailandira, ndipo ikabwerera kokonzedwa ankaidindanso. Munthu wodziwa kuwerenga zidindozo amatha kuona kuti chitsulo ichi chinasulidwa ku Sheffield mu 1916, chinakonzedwanso patapita zaka, kenako boma linachigulitsa. Palinso chifukwa cha m'thumba: mfuti imafuna chilolezo ndi ndalama zambiri, pomwe bayoneti m'mayiko ambiri siifuna chilolezo.

Tidziwenso kuti pankhondo ziwirizi anthu ochuluka anaphedwa ndi mizinga, mabomba, mfuti zachiwaya ndi matenda. Ofa ndi bayoneti anali ochepa kwambiri. Mabayoneti ambiri anatha nkhondo yonse akutsegula zitini, kuwaza tinkhuni ndi kufufuza mabomba okwiriridwa. Izi sizikusandutsa bayoneti kukhala chidole. Pali otolera ena amene amangokonda zizindikiro za chipani cha Nazi, ndipo amenewo nkhani yawo ndi ina, si ya mbiri ayi.

Zimenezi si za azungu? Ife zikutikhudza pati?

Zikutikhudza kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Gulu la asilikali la King's African Rifles (K.A.R.) linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali amenewa analimbana ndi a Germany ku Karonga, ndipo manda a ena ofera pankhondoyo alipo mpaka lero. Pambuyo pa nkhondo ya ku Karonga imeneyi m'pamene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Amtengatenga ambirimbiri anasenza katundu wa nkhondoyi, ndipo ochuluka sanabwerere kwawo.

Asilikali akuda a mbali ya Germany, m'dziko limene lero ndi Tanzania, otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, anayamba nkhondo ambiri ali ndi mfuti zakale za Mauser za mtundu wa 1871, zofuka utsi ukawombera, ndi bayoneti yaifupi yotchedwa S71/84. Katundu wochokera ku Germany atasiya kufika, ankadalira zolanda. Ku Tanga mu Novembala 1914 analanda mfuti za Britain, ndipo ku Ngomano, pamtsinje wa Rovuma, pa 25 Novembala 1917 analanda za Apwitikizi, amene mfuti yawo inali Mauser-Vergueiro. Anadzagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Choncho bayoneti ya Chipwitikizi yopezeka m'dera lino mwina inali m'manja mwa msilikali wa Germany. Dziko lopanga silikuuzani amene anainyamula komaliza.

Pankhondo yachiwiri asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi a Italy ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndi ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, anapita ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma, komwe mu 1944 gulu la 11th East African Division linadutsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula likulondola asilikali a Japan. Ndiye bayoneti ya Britain, ya Germany, ya Portugal, ya Italy kapena ya Japan itapezeka m'mudzi wa ku Zomba kapena ku Chipata, si zodabwitsa.

Agogo anasiya chimpeni chachitali m'chimake chachikopa, cholembedwa 1907. Ndiye kuti chinapangidwa mu 1907?

Ayi, ndipo apa m'pamene pafupifupi aliyense amasokonekera. Nambala imeneyo ndi dzina la mtundu wake, Pattern 1907, bayoneti ya mfuti ya Short Magazine Lee-Enfield. Mpeni wake ndi wautali masentimita 43, wakuthwa mbali imodzi, chogwirira chamtengo chomangidwa ndi masikuluwu awiri. Anaupanga wautali chonchi chifukwa mfutiyo inali yaifupi poyerekeza ndi za mayiko ena, ndipo akuluakulu ankaopa kuti msilikali wawo azipereweredwa mkono. Kapangidwe kake anatengera bayoneti ya Japan ya Type 30.

Pukutani pang'ono ndi kansalu kamafuta pamalo osalala pakati pa chitsulo chopingasa ndi pomwe ngalande ya m'mbali mwa mpeni ikuyambira, muunike ndi tochi chammbali, osati molunjika. Pamwamba muona chisoti chachifumu ndi zilembo GR, kutanthauza Mfumu George, kapena ER ngati ndi yoyambirira ya nthawi ya Edward VII. Pansi pake pali 1907 uja. Pansinso pali timanambala tiwiri totalikirana, mwachitsanzo 3 kumanzere ndi 17 kumanja: imeneyo ndi Malichi 1917, ndipo ndiye nthawi yeniyeni yopangidwira. Kumunsi kwenikweni kuli dzina la wopanga. Ambiri ndi Wilkinson ndi Sanderson. Ocheperako ndi Chapman, Mole ndi Vickers, ndipo EFD ndi fakitale ya boma ya ku Enfield. Ena anapangidwa ku Lithgow ku Australia, ena ku Ishapore ku India.

Tembenuzani. Kuseri kuli chidindo chonga mutu wa muvi, chosonyeza kuti ndi katundu wa boma la Britain, ndi chilembo X chosonyeza mbali imene anaupindira pouyesa kulimba. Tizisoti ting'onoting'ono tokhala ndi manambala ndi ta oyesa. Mukaona zaka zina ngati '22 kapena '36, ndi nthawi zimene unayesedwanso. Mivi iwiri yoyang'anizana nsonga ikutanthauza kuti boma linaugulitsa, ndipo DP ndiye kuti unatsitsidwa kukhala wa perete ndi maphunziro basi.

Chenjerani ndi mnzake wofanana naye, Pattern 1913. Amaoneka chimodzimodzi, koma pamtengo wa chogwirira anatemapo timizere tiwiri topingasa dala kuti msilikali amve ndi dzanja ngakhale mumdima, chifukwa salowa pa mfuti imodzi.

Ndiye kuti imeneyi ndi imene agogo anamenyera nkhondo?

Mwina, koma chitsulo chokha sichingakutsimikizireni. Msilikali akamatuluka usilikali ankayenera kubweza mfuti ndi bayoneti kusitolo ya gulu lake. Zimene zinafika kumudzi zinadzera njira zosiyanasiyana: zolanda kwa adani, zopatsidwa, zogulidwa boma litagulitsa zakale, kapena zochokera kupolisi ndi kwa alonda a m'maesiteti. Ena mwa mabayoneti a Britain anadindidwa zilembo za gulu kumapeto kwa chogwirira, koma ambiri alibe. Umboni wolimba ndi zinthu zimene zinasungidwa pamodzi nayo: chikalata chotulukira usilikali, mamendulo, chithunzi, ndi mawu a achikulire amene anamva agogowo akufotokoza. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba ali ndi nambala ndi dzina la mwini wake m'mphepete kapena kuseri. Musalekanitse zinthu zimenezi pogawana chuma cha masiye, wina mendulo wina bayoneti, chifukwa zikabalalika chilichonse chimatsala chopanda mbiri.

Yanga ikuoneka ngati chimsomali chabe. Ndi bayoneti yeniyeni?

Ndi yeniyeni. Imeneyo ndi ya mfuti ya No. 4 ya Britain, ya nkhondo yachiwiri: chisonga cha masentimita 20 pakachitsulo kovala kukamwa kwa mfuti. Asilikali sankaikonda chifukwa sungadulire kanthu, ndipo anaipatsa dzina lachipongwe loti chobayira nkhumba. Boma linaikonda chifukwa inali yotchipa ndi yofulumira kupanga.

Yoyamba, Mk I, inali ndi ngodya zinayi ngati mtanda, ndipo anangopanga 75,000 zokha. Wopanga wake anali Singer, yemwe uja wa makina osokera a pakhonde la sitolo, pafakitale yake ya ku Clydebank ku Scotland. Zotsatira, Mk II, zinali zobulungira, zinapangidwa mamiliyoni ku Britain, ku Canada ndi ku America, ndipo ndiye bayoneti yotchipa kwambiri pamsika lero. Za zimene kusiyana kwa mitengo ya ziwirizi kumabweretsa, onani funso lonena za zachinyengo.

Ngalande ya pampeni ndi yodutsamo magazi eti?

Ayi. Ngalandeyo imachepetsa kulemera kwa chitsulo koma mpeni n'kukhalabe wolimba osapindika msanga. Nkhani yoti imathandiza kuti mpeni usakakamire m'thupi ndi nthano chabe. Chimodzimodzi madontho akuda amene ogulitsa ena amalozera monong'ona kuti ndi magazi: ndi dzimbiri lakale.

N'zoona kuti bayoneti za mano a sowo ndi za ngodya zitatu zinaletsedwa ndi malamulo a nkhondo?

Palibe pangano limene linaletsa bayoneti ya ngodya zitatu kapena zinayi. France inamenya nkhondo yonse yoyamba ndi bayoneti ya Lebel ya 1886, chisonga cha masentimita 52 chimene asilikali ankachitcha Rosalie, ndipo Russia inagwiritsa ntchito yake mpaka 1945.

Ya mano a sowo nkhani yake ndi iyi. Germany inali ndi bayoneti yotchedwa S98/05, yotambalala chakunsonga, imene a Britain ankaitcha mpeni wa kubutchala. Zina mwa izo, zochepa, zinali ndi mano kumsana ochekera mitengo ndi mapolo a waya. Nyuzipepala za adani awo zinafalitsa kuti manowo ndi ozunzira anthu, ndipo pakati pa asilikali panamveka mphekesera yoti wogwidwa nayo saona chifundo. Mu 1917 Germany inayamba kuzichotsa kunkhondo ndi kupala manowo. Lero mupeza mitundu itatu: yopanda mano, ya mano, ndi yopalidwa mano, imene kumsana kwake kumaoneka kotsika pang'ono pomwe panali manowo. Bayoneti yaifupi ya kS98, imene inkagwiritsidwanso ntchito m'maiko olamulidwa ndi Germany kuno ku Africa, nayonso inali ya mano.

Ogulitsa amati "manambala ofanana". Akutanthauza chiyani?

Zimatengera dziko. Pa bayoneti ya Germany ya nkhondo yachiwiri, S84/98 ya mfuti ya K98k, nambala ya pampeni iyenera kufanana ndi ya pachimake chachitsulo, pamodzi ndi kalembo kakang'ono kamene kali pansi pa nambalayo, wopanga ndi chaka. Siinkafanana ndi nambala ya mfuti. Ya Russia ndiye inkadindidwa nambala ya mfuti yake, popeza mfutiyo ankaiyesa kulondola kwake bayoneti ili pomwepo. Asilikali a Russia kawirikawiri sankapatsidwa chimake, choncho musavutike kufunafuna. Pa mabayoneti a Britain nkhani ya manambala ofanana siivuta anthu kwenikweni.

Chifukwa chake zofanana zimadula n'chakuti nkhondo itatha mabayoneti a Germany anaunjikidwa m'mabokosi, mipeni kwina zimake kwina, ndipo mayiko monga Yugoslavia ndi Norway anawagwiritsanso ntchito n'kudindapo manambala awo.

Pa bayoneti yanga ya Germany palibe dzina la wopanga, pali tizilembo titatu tokha.

Kuyambira cha mu 1940 anasiya kulemba mayina a mafakitale n'kuyamba kudinda zilembo zachinsinsi kuti adani asadziwe kopangira zida. Zilembo asw ndi E. & F. Hörster, cof ndi Carl Eickhorn, cvl ndi WKC, fnj ndi Alexander Coppel, onsewa a mumzinda wa Solingen. Manambala awiri apafupi, monga 42, ndi chaka. Zogwirira zina ndi zamtengo, zina ndi za pulasitiki yakale yolimba, yofiirira kapena yakuda, ndipo zonse ndi zoona. Za chakumapeto kwa nkhondo zimaoneka zokakala, mizere ya makina ili poyera, chifukwa panalibenso nthawi yosalaza.

Za nkhondo yoyamba chaka chimakhala kumsana kwa mpeni pafupi ndi chogwirira: kachisoti, chilembo cha mfumu monga W wa Wilhelm, ndi manambala awiri. Palinso gulu lalikulu la mabayoneti achitsulo chokhachokha, opanda chogwirira chamtengo, amene anapangidwa mothamanga kuyambira 1914 pamene mafakitale analephera kukwanitsa chiwerengero. Ambiri alibe dzina la wopanga, ndipo pali otolera amene amangotsata amenewa okha.

Nanga ya Japan ndi ya Italy ndingaizindikire bwanji?

Ya Japan ndi Type 30, yoyamba mu 1897, mpeni wa masentimita 40. Siilembedwa chaka. Pamalo osalala aja pamakhala kachizindikiro ka fakitale, ndipo kodziwika kwambiri ndi mphete zinayi zolowana, ka ku Tokyo ndipo pambuyo pake ku Kokura. Zoyambirira zili ndi ngowe yopindika pachitsulo chopingasa. Nkhondo ikupita kumapeto ngowe inachoka, ngalande inachoka, ndipo zina zinatuluka ndi chimake chamtengo. Anthu amaziyesa zabodza chifukwa cha kusaoneka bwino, chonsecho ndi zenizeni, ndipo zimasonyeza mmene dzikolo linasaukira zitsulo.

Ya Italy ya mfuti ya Carcano ndi ya 1891, mpeni wa masentimita 30, ndipo zambiri zalembedwa TERNI. Ya 1938 ndi yaifupi, ina imapindika kulowa m'chogwirira.

Yadya dzimbiri. Ndiitsuke ndi chiyani?

Apa ndi pomwe mabayoneti ambiri amafera, osati kunkhondo ayi. Munthu amafuna kuti chiwale, amatenga sandipepala, tupa, mchenga, phulusa, kapena kupita nacho kwa owotcherera kuti achipale ndi makina. Chimabwerako chikunyezimira, koma zidindo zonse zapita, ndipo chatsala ngati buku la kuchipatala long'ambika masamba: lilipo, koma silinenanso kuti mwini wake ndani ndipo anadutsa muzotani. Zikachoka sizibwereranso.

Siyanitsani mitundu iwiri ya dzimbiri. Lofiira, lofumbutuka, lodetsa chala mukakhudza, ndi lamoyo, likudyabe chitsulo, ndipo liyenera kuletsedwa. Kuda kapena kutuwa kosalala kumene kwakhazikika pachitsulo si matenda, kusiyeni. Mabayoneti ambiri anachita kudetsedwa dala kufakitale kuti asamawale, ndiye kuda kumeneko ndi mbali ya kapangidwe kake.

Pakani mafuta opepuka, a makina osokera ndi abwino, musiye tsiku limodzi kapena awiri. Kenako kandani pamene patupa dzimbiri ndi kachidutswa ka mkuwa, kamene ndi kofewa kuposa chitsulocho motero sikakanda mpeni. Mudzaona mafuta akusanduka matope ofiirira. Pukutani, pakaninso, bwerezani mawa. Pa tizilembo gwiritsani ntchito kamtengo kosongola ngati kotokosera m'mano. Ngati mungapeze waya wofewetsetsa wolembedwa 0000, mungasisite mopepuka ali ndi mafuta, koma waya wokwechera mapoto ayi. Viniga, mandimu, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi asidi wa batire zimachotsadi dzimbiri, koma zimasiya chitsulo chotuwa mbuu, chobowokabowoka, ndipo aliyense wodziwa amazindikira akangoona.

Masikuluwu a chogwirira musawamasule. Akhala pamenepo zaka 80 kapena 100, ndipo chimene chimachitika n'chakuti sikuludiraiva imaterereka n'kuwononga mutu wake kapena kung'amba mtengo. Ngati mpeni wakanirira m'chimake, donthezani mafuta pakamwa pa chimakecho kwa masiku angapo muzigwedeza pang'onopang'ono. Hamala ayi.

Ndi yobuntha. Ndiinole?

Ayi. Zambiri zinkatuluka m'fakitale zosanola kwenikweni, ndipo zimene zinanoledwa nkhondo itayamba ankanola amisiri a zida a gulu la asilikali. Kunola kwatsopano kumatsitsa mtengo, komanso kumasandutsa chinthu chosungidwa kukhala chida m'nyumba momwe muli ana.

Ndiisunge bwanji kuti isachitenso dzimbiri?

Pamalo ouma, potsekedwa ndi loko. Musaisiye m'chimake chachikopa kwa miyezi, chifukwa chikopa chimasunga chinyontho ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo. Ikani mpeni ndi chimake moyandikana. Mukaigwira ndi manja pukutani, thukuta la zala limasiya chidindo cha dzimbiri. Phula lopyapyala limateteza nthawi yaitali kuposa mafuta, ndipo nyumba zosungira zakale zimagwiritsa ntchito lotchedwa Renaissance Wax. Amene muli kunyanja kapena ku Mulanje ndi ku Thyolo muziiyang'ana kawirikawiri nthawi ya dzinja. Timapaketi toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato timathandiza m'kabati yotseka.

Chikopa chisapakidwe polishi wa nsapato, mafuta ophikira kapena mafuta odzola. Chikachita nkhungu pukutani ndi kansalu kouma, muchiike pamthunzi podutsa mphepo. Chikopa chouma chimathyoka mukachipinda, makamaka chakunsonga, choncho ponyamula chimake chopanda mpeni gwirani ndi manja awiri.

Zachinyengo zilipo? Ndingazidziwe bwanji?

Zilipo, koma wachinyengo sataya nthawi ndi bayoneti yotchipa. Amatenga yeniyeni yotchipa n'kuisandutsa yosowa. Pattern 1907 yoyambirira inali ndi ngowe yopindika, imene analamula kuti ichotsedwe mu 1913, ndipo zambiri zakale anazidula ngowezo. Yokhala ndi ngowe yake lero imadula kangapo kuposa yawamba, ndiye anthu amawotcherera ngowe yatsopano. Ikakhala ndi ngowe koma chaka chake ndi 1917, mwaigwira kale. No. 4 Mk II yobulungira amaipala kuti ikhale ya ngodya zinayi, koma chidindo chimanenabe kuti Mk II kapena chimaoneka kuti chafufutidwa. S98/05 wamba amaichekerera mano. Pa za Germany amadindapo zizindikiro za SS, gulu la asilikali a chipani cha Nazi, ndipo pa za Britain angadindepo zilembo za gulu lililonse limene wogula akulilakalaka, K.A.R. yomwe.

Tengani galasi lokuzira zinthu muyang'ane chidindo chimene chakukopanicho. Ngati ndi chakale, dzimbiri linalowa mkati mwa zilembo, m'mphepete mwake munaperepeseka mofanana ndi chitsulo chozungulira. Ngati ndi chatsopano, chilembo chimadula pakati pa timaenje ta dzimbiri, m'mphepete muli mwakuthwa motukuka, ndipo mkati mumawala kapena mwapakidwa zakuda. Palinso zopangidwa chatsopano ku India ndi ku China zogulitsidwa kwa ochita masewero, zimene wina amazikwirira m'dothi kuti zikalambe. Zimenezi kawirikawiri zimalemera mosiyana, ngalande yake imakhala yosawongoka, ndipo chikopa chimanunkha chatsopano.

Si kusintha konse kumene kuli chinyengo. Mu 1943 America inadula mabayoneti ake a M1905 kuchoka pa masentimita 40 kufika pa 25, ndipo mumawadziwa chifukwa ngalande imapitirira mpaka kunsonga. India nayo inafupikitsa Pattern 1907 zambiri, ndipo Turkey inadula za Germany. Kumeneko ndi kusintha kwa boma, ndi mbali ya mbiri yake.

Ndingaigulitse ndalama zingati?

Kawirikawiri zochepa kuposa zimene mukuyembekezera. Kukalamba pakokha sikukweza mtengo, chifukwa zinapangidwa mamiliyoni ndipo zambiri zikadalipo. Chimene chimakweza ndi kusowa kwa mtunduwo kapena wopanga, kukhala yosapalidwa, kukhala ndi chimake chake ndi kachikopa kokolekera palamba, ndiponso mbiri yokhala ndi mapepala. Poyerekeza mitengo pa intaneti onani imene zinagulidwira, osati imene wogulitsa akuitanira. Ndipo wina akakuuzani kuti m'chogwirira muli golide kapena mankhwala odula amene azungu akuwasaka, ndi bodza lomwe lija limamveka za ndalama zakale ndi masimbi amakala. Musaswe chogwirira.

Lamulo likuti bwanji? Ndingakwere nayo ndege?

Kusunga m'nyumba ndi kuyenda nayo pagulu ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kulikonse, kupezeka ndi chimpeni chotere mumsewu kapena m'minibasi popanda chifukwa chomveka kungakufikitseni kupolisi. Ku Britain lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limaletsa kunyamula mpeni wotere pagulu popanda chifukwa chokwanira, ndipo n'koletsedwa kugulitsa kwa wosakwana zaka 18. Ku South Africa lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 silikhudza kutolera ndi kuonetsa zida movomerezeka. Ku Germany kuonetsa poyera chizindikiro cha Nazi ndi mlandu.

M'ndege, m'chikwama cha m'manja n'zosatheka. M'katundu wopita pansi funsani kaye kampani ya ndegeyo ndi a kasitomu a mayiko onse awiri, ndipo muinene pofika, musaibise. Makampani ambiri otumiza katundu amakana mipeni. Kutulutsa m'Malawi chinthu chakale chokhudza mbiri ya dziko kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, choncho yambani mwafunsa ku Dipatimenti ya Museums and Monuments.

Ndaifukula polima. Nditani?

Siyani kukumba. Pomwe pali bayoneti pangakhalenso zipolopolo, mabomba a m'manja kapena mafupa a munthu, ndipo bomba lakale limaphulikabe. Ikani chizindikiro, chotsani ana, uzani amfumu ndi apolisi. Ngati ndi bayoneti yokha, jambulani ili pomwepo musanaisunthe ndipo lembani malo ake, chifukwa kwa akatswiri a mbiri malowo ndi ofunika kuposa chitsulocho. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ku Blantyre kapena ya ku Karonga ndi malo oyenera kukaonetsa. Kupita dala kukakumba kumalo a nkhondo popanda chilolezo n'koletsedwa m'mayiko ambiri. Ku South Africa zinthu za usilikali zopitirira zaka 75 zopezeka pamalo otere zimatetezedwa ndi lamulo.

Chitsulo chofukulidwa musachisamale ngati mmene tafotokozera pa funso la dzimbiri. Nthawi zambiri dzimbirilo ndi lomwe lachigwirizira, ndipo mukalikanda chimanyenyeka.

Kwathu ndi kumalire ndi Mozambique. Yanga ili ndi bowo pampeni ndi chogwirira chapulasitiki. Ndi ya nkhondo iti?

Imeneyo si ya nkhondo ziwiri zija. Ndi ya mfuti ya AKM, ya banja la AK-47. Bowolo limakola kachitsulo ka pachimake, ziwirizo n'kukhala chodulira waya. Zinafala m'dera lino ndi nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique ndi yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Anthu amatoleranso zimenezi, koma zinapangidwa zochuluka zedi m'mayiko ambiri. Ngati pamodzi nayo pali mfuti kapena zipolopolo, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, osati ya otolera.

Ndikufuna kuyamba kutolera. Ndiyambire pati?

Sankhani kagawo kamodzi. Wogula chilichonse chimene waona amatha ndalama n'kukhala ndi mulu wa zitsulo zosagwirizana. Wina amatsata opanga onse a Pattern 1907, wina chaka chilichonse cha bayoneti ya K98k. Kwa munthu wa kuno, mutu umene ndimauona wokoma ndi wa mabayoneti a nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ndi a kumene asilikali a K.A.R. anafika: Pattern 1907, No. 4, ya Vergueiro, ya Carcano ndi Type 30 zimapezeka mosavuta kwa ogulitsa a ku Britain ndi ku South Africa, pomwe S71/84 yokhala ndi chidindo chenicheni cha asilikali a Germany a kuno ndi yosowa kwambiri ndipo ndi imene muyenera kuikayikira koposa.

Yambani ndi zotchipa zimene palibe amene angavutike kuzinamizira, kuti maso ndi manja azolowere chitsulo chenicheni. Pogula pa intaneti pemphani zithunzi zooneka bwino za mbali zonse ziwiri za pamalo a zidindo, kumsana, kumapeto kwa chogwirira, nsonga ndi pakamwa pa chimake, ndipo funsani ngati wogulitsa amalola kubweza. Iliyonse imene mwapeza ilembereni kakhadi: mtundu, wopanga, chaka, zidindo zonse, kutalika kwa mpeni, kumene mwaipeza ndi zimene mwini wake wakale ananena. Kakhadiko kamangirireni ndi ulusi pamphete, osamata ndi selotepi pachitsulo kapena pachikopa.